Womasulira wa ku Bangula

Lamulungu lililonse ndimaima kumanzere kwa abusa,
thukuta likuyenderera m'kolala,
malata akuthetheka ndi dzuwa la Okutobala.
Iwo kwawo ndi ku Ntcheu, amalalika m'Chichewa,
ine ndimawolotsa mawu awo kupita ku Chisena
monga mwini bwato pa doko la Chiromo,
pang'onopang'ono, kuopa kudzaza.

Akati machimo, ine ndimati madawo.
Pamenepo madzi ndi a m'maondo.
Koma Chichewa chinasunga mawu ambiri a chinthu chimodzi.
Pali kulakwa kwa mwana woswa chikho,
pali kupalamula kwa wamkulu wodziitanira mlandu ndi manja ake,
palinso mangawa, mawu okalamba a ngongole,
amene timawatchula m'pemphero titatsinzina
osafunsa kuti tinakongola chiyani, kwa yani.

Ine ndikudziwa kwa yani.

Chaka chimene Ruo anakankha Shire kubwerera m'mbuyo
tinagona pasukulu, mudzi wonse m'makalasi atatu.
Anandipatsa kope ndi bolopeni
poti ndine wa kutchalitchi, wa dzanja labwino.
Pamzere wina panayenera kulembedwa Esinala Zuze,
wamasiye wa ku Makhanga, ana anayi.
Ndinalembapo mlamu wanga amene ali ku Joni.
Matumba atatu a ufa, nyemba, botolo la mafuta.
Ndinagulitsa usiku. Ndinagula matayala a njinga.

Esinala anapita kudambo kukazula nyika,
madzi m'khosi, phazi likufufuza m'matope
kumene ng'ona sizifunsa ngati uli m'kaundula.
Anabwerako.
Mwana wake Bizeki anabwerako ndi mkono umodzi.

Zaka zinayi ndakhala ndikuchisintha dzina chinthu chimenechi.
Ndinachitcha kuphonya mzere.
Ndinachitcha njala, poti nanenso ndinali ndi ana.
Ndinachitcha kufooka kwa thupi, monga timanenera paguwa.
Dzina lililonse linali malaya a mwana pa munthu wamkulu.
Amati chikumbumtima n'chokumbutsa mtima.
Changa sichikumbutsa, chimakumba,
khasu la m'dimba, usiku, udzudzu ukuimba.

Tsono Lamulungu lapitali abusa anakweza mawu:
Mulungu amakhululukira!
Mpingo unayang'ana ine.
M'Chisena kukhululukira timati kulekerera,
ndawanena mawuwa kosawerengeka,
koma tsikulo khutu langa linawamva m'Chichewa,
mmene kulekerera ndi kuona mbuzi zikudya mapira a mnzako
iwe osatola ngakhale mwala.
Esinala anali pa benchi yachitatu, akudzikupiza ndi mpango.
Bwato linaima pakati pa mtsinje.
Abusa anabwereza, poyesa sindinamve.
Ndinatsokomola, ndinapempha madzi.

Kulapa, amatero, ndi kutembenuka.
Sanandiuzepo kuti ndi ulendo wapansi,
makilomita asanu ndi limodzi pamchenga wotentha,
thumba la ufa pa njinga yomwe ija, ine ndikukankha.

Ndinamupeza akuyanika mchewere pamphasa.
Mawu onse a m'buku anathawa,
anatsala amodzi, pepani,
omwe timanena tikaponda munthu chala mu minibasi.
Ndinafotokoza za kope. Ndinatchula dzina la mlamu.
Ndinati ndinaba, mawu amene alibe mthunzi wobisalamo.

Iye sanasiye kusalaza mchewere.
Anati, ndinkadziwa.
Amene ankagula ufawo ndi msuweni wanga.

Ndinadikira mawu a Chichewa aja, kapena a Chisena,
alionse amene angamasule mfundo.
Sananene.
Thumba sanalikhudze, sanalikanenso.
Anangoti, chokani padzuwapo, mudzakomoka,
n'kuitana mwana.

Bizeki anabwera ndi madzi a mumtsuko,
kapu yodzaza m'dzanja lake limodzi,
osataya ngakhale dontho.
Ndinamwa.

Lamulungu likubwera ndidzaimanso kumanzere kwa abusa.
Madzi amenewo sindidziwa dzina lake
m'Chichewa kapena m'Chisena.